TV ya NyaMtonga

Magodi, 14 Meyi 2023

Mwana wanga Darius,

Monile. Uli bwanji kumeneko ku Lusaka? Kuno tadzuka, kupatula bondo langa lija ukulidziwa kale. Mkazi wako NyaMtonga ali bwino, ndipo kamwana kanu Uchizi kayamba kuthamangitsa nkhuku.

Katundu uja unapatsa Benwell wa pa basi wafika wosasweka. TV ilipo, sola ilipo, batile ilipo, ndi kachitsulo kaja kosunga mafilimu mukuti fulashi. Zonse ndaziika m'nyumba mwanga, pakuti ndiyo ya malata ndipo chitseko chake chili ndi loko. Msuweni wako Amock ndiye anakwela padenga kumangilila sola.

Tsopano ndikuuze zimene ndaona, pakuti unataya ndalama zako.

Yoyamba inali ya anthu omenyana ndi miyendo. Mnyamata mmodzi woonda ngati bango anagwetsa amuna odzaza bwalo, malaya ake osathothoka ndi batani lomwe. Ine ndaletsa ndeu zambili pa mowa, koma sindinaonepo anthu akuima pamzele kudikila kuti amenyedwe mmodzimmodzi. Zotelo usatumizenso.

Yachiwili ndi sewelo lalitali lija la m'Chinyanja, logawidwa m'zigawo, la mayi wamasiye Claire ndi mlamu wake Norman amene akulimbilana chigayo cha malemu. Limenelo lili ndi mutu. Koma amene analipanga sanagwilepo khasu. Akunena okha kuti ndi mwezi wa Okutobala, kumbuyo kwao chimanga chili ndi ngayaye. Ng'ombe za Norman palibe amene amazitsegulila khola, koma zonenepa mpaka kuwala. Zimenezo zinandisowetsa mtendele. Komabe pa mlandu weniweni Norman akunena zoona. Ng'ombe za malowolo zinapita kwa makolo a Claire, ndiye chigayo ndi cha pamudzi. Mayiyo ndi wouma mutu chabe.

Ukapeza mpata unditumizileko mankhwala opaka pa bondo.

Ndine bambo wako,
Ezron Zimba

*

Kanyama, Lusaka, 1 Juni 2023

Adada,

Monile, ndipo yewo chifukwa cha kalata. Ine ndili bwino. Ntchito ya ulonda ikuyenda, kungoti pa geti payamba kuzizila. Mankhwala ndapatsa Benwell.

Za chimanga cha mu Okutobala ndaseka mpaka anzanga kundifunsa. Ine ndinaonela chigawo chimenecho koma sindinaone zimenezo. Koma pa za Norman, Adada, mundikhululukile, tasiyana. Munthu uja anthu akulila malilo iye ali kuseli akuyesa makiyi a chigayo. Kuno tonse timamutcha fisi.

Ndamva kuti TV mwaiika kwanu. Inde, nyumba yanu ndi yolimba. Kungoti pogula ndinali kuganiza za madzulo, mmene kumakhalila zii ku nyumba yathu ija. Sola sifuna malata okha, Adada, ngakhale pamwamba pa mtengo imakhala bwinobwino. Ndangotchulapo.

Nanga anyina Uchizi akuti bwanji za sewelolo? Nkhani zotele amazikonda, za pa wailesi sankaphonya. Mundiuze zimene akunena.

Mwana wanu,
Darius

*

Magodi, 19 Juni 2023

Darius,

Monile. Mankhwala afika. Akununkha ngati dibi la ng'ombe koma akugwila ntchito. Yewo.

Anzako a pa getiwo ndi ana. Norman anatenga makiyi kuti asasowe, pakuti pa malilo pamabwela anthu a manja osiyanasiyana. Tsopano taona zimene wachita Claire wakoyo. Wapita kukhoti! Nkhani ya pabanja, akuluakulu alipo, iye kukaiyala pamaso pa alendo. Ndinamudzudzula kwambili mpaka Agness wa kwa Nyirongo anati, "A Zimba, khalani pansi, sakumvani." Ndikudziwa kuti sandimva. Koma munthu ungangokhala chete?

Batile yako nayo ili ndi khalidwe loipa. Anthu akamangoyenda mumsewu imakhala ndi moto. Woweluza atangotsegula pakamwa kuti anene, basi phi, mdima. Zachitika kangapo.

M'nyumba mwanga simulinso mwanga. Dzuwa likapendeka anthu adzaza kale, ena pa matumba a chimanga. Cathrine, mnzake wa Agness, salola kuti timve, amangokuwa, "Usalowe mmenemo iwe! Usamwe tiyi ameneyo!" Agness akalila amapukutila mphuno pa nsalu ya patebulo ija anasoka malemu amayi ako. Lamulungu tinayesa ina ya anthu a kunja. Mwamuna ndi mkazi anayamba kudyana milomo masanasana, amayi a mpingo ali pompo. Ndinaimilila kutsogolo kwa TV, nditatambasula jekete, kudikila kuti amalize. Ndinasuzumila, akadali. Ndinasuzumilanso, akadali. Manja anachita kundiwawa. Uziyamba waona usanatumize.

Za kuika sola pa mtengo ndamva, koma ana angaigende, ndipo padenga ili bwino.

Wafunsa za mkazi wako. Ameneyo mafilimu sawakonda. Chibwelele TV sanapondepo pakhomo. Analeledwa bwino, amadziwa kuti mkamwana sakhala chipinda chimodzi ndi atatavyala ake, bambo a mwamuna wake. Chakudya amagwada nacho pakhonde, kusiya, kubwelela. Ife tikamataya nthawi iye amakhala kuseli kwa nyumba yanga akuswa mtedza, tsiku lililonse, kuzizile kusazizile. Mkazi unapeza. Zoti ndimufunse maganizo ake, iwe mwambo ukuudziwa, ndingayambile pati? Amayi ako akanakhala moyo ndiwo akanamufunsa.

Ndine bambo wako,
Ezron Zimba

*

Magodi, 24 Juni 2023

Awiske Uchizi,

Monile. Ife tili bwino, mwana anali ndi chimfine koma chatha. Ndikanakwela pa chulu paja timagwilila netiweki, koma nkhani iyi si yokuwa mudzi wonse ukumva, ndiye ndalemba.

Tsiku lija munkanyamuka munati, "Usadandaule, ndidzakutumizila chinthu cholankhula m'nyumba." Ndadikila, chino ndi chaka chachitatu. Chinthucho chabwela. Chikulankhula m'nyumba ya eni.

Adada akuganiza kuti ndimakonda kuswa mtedza. Ndimaswela kuseli kwa nyumba yao chifukwa pali kawindo kapamwamba kotulutsa mawu. Sewelo lonse la chigayo ndalimva ndi makutu, nditafunda chitenje, zala zitauma ndi mphepo. Claire nkhope yake sindiidziwa. Kodi ndi wamtali? Norman mawu ake ndi a munthu wa mimba yaikulu ndi maso aang'ono, sindikudziwa ngati ndalasa. Nyimbo ikalila ndipo onse m'katimo akati "Mayo!" ine sindidziwa ngati wina wafa kapena wangogwetsa mbale. Mawa lake pachitsime Cathrine amandifotokozela, koma amayambila kumapeto, ndipo salephela kuwonjezapo kuti, "Ife tikudya nyama, mwini mbuzi akununkhiza utsi." Onse amaseka. Inenso ndimaseka, nditani?

Mwafunsa Adada maganizo anga. Ndikuuzani ndekha. Claire anachedwa. Miyezi yonse ija anangokhala akudikila kuti amuna a pamudzi amuganizile, akuwaphikila, akuwagwadila. Anamuganizila ndani? Tsiku limene anati akupita kukhoti ndinaomba m'manja ndekha kuseli kuja, mtedza nkutayika.

Ine kwa Adada sindingatsegule pakamwa, ndipo sindikufuna kuwachotsela ulemu. Amandisunga bwino. Koma inu ndinu mwana wao. Mukamalemba mozungulila ngati njila ya ng'ombe iwo samva. Nenani. Mukalephela, mtedza ukangogulitsidwa ine ndi Uchizi tipita kwathu ku Chikomeni, ndipo sindikunena zokacheza. Mwamuna ali ku Lusaka, mawu ali kwa apongozi, ine ndikulondela chiyani pano?

Ndine mkazi wanu,
Jemima

*

Kanyama, Lusaka, 12 Julayi 2023

Adada,

Monile. Ndikulemba mothamanga. Kalata ya anyina Uchizi inaiwalika m'basi masabata awili, Benwell waipeza dzulo pansi pa mpando.

Mundikhululukile, lelo ndinena mosabisa. TV ija ndinagulila anyina Uchizi. Ndinawalonjeza pochoka. Ndinachita manyazi kukuuzani mutaiika kale kwanu. Mafilimu amawakonda kwambili. Mtedza uja amaswela kuseli kwanu kuti azimvelako mawu pa windo. Akuti mtedza ukagulitsidwa apita ku Chikomeni osabwelanso, ndipo ine ndikuwadziwa, sanena kawili.

Chonde, Adada, uzani Amock asamutse zonse sabata ino. Ndikapeza ndalama ndidzakugulilani yanu.

Mwana wanu,
Darius

*

Magodi, 18 Julayi 2023

Darius,

Kalata yako ndaiwelenga pang'onopang'ono, ndaipinda, ndaiwelenganso.

Iwe unabadwa ndi pakamwa. Pa katoni panalembedwa kuti Zimba, Magodi. Zimba wamkulu pano ndani? Ukanalemba kuti NyaMtonga, dzanja likanathyoka? Unati sola imakhala pa mtengo, ine ndinayesa ukundiphunzitsa za magetsi. Tsopano mudzi wonse unkadziwa kupatula ine. Ndafunsa Cathrine, wati, "Timayesa mukudziwa, a Zimba." Akazi amene ankadzaza nyumba yanga, kudya mtedza wanga wokazinga, palibe mmodzi anandikoka pambali. Mwana wa eni ali panja mu Juni! 

TV ipita kwake, zimenezo ndavomela. Koma tamvela bwino. Zatsala zigawo zitatu zokha. Woweluza wayimitsa mlandu, Norman wachotsa lamba wa chigayo ndi kumubisa, ndipo kwatulukila kalata ya malemu imene sanaiwelengebe. Kumwamba kuli mitambo masiku ano, batile ikungopeleka theka la chigawo. Ikalowa m'nyumba mwake ine sindingapondemo, iwe ukudziwa. Ndiye ndati timalize kaye. Ndi sabata imodzi chabe. Wadikila nthawi yonseyi, sabata singamuphe. Mtedza wake ogula sanabwele.

Ndine bambo wako,
Ezron Zimba

21 Julayi. Benwell sanadutse, kalata ikadali pano, ndiye ndikuwonjeza pansi.

Wapita. Ogula mtedza anabwela dzana ndi galimoto. Dzulo mmawa ndapeza phala pakhonde lovundikilidwa bwino, nkhuni zowaza zaunjikidwa pambali, mitsuko yonse yodzaza. Chitseko chake wamanga ndi luzi. Cathrine akuti mlongo wake anabwela kudzamutenga.

Madzulo Agness anabwela ndi kampando kake kudzafunsa ngati tionela. Ndinamuthamangitsa. TV ndaifunditsa thumba. Pabwalo palibe amene akuthamangitsa nkhuku.

*

Magodi, 9 Ogasiti 2023

Darius,

Monile. Usadwale ndi maganizo, mkazi wako wabwela. Ndikufotokozela mwadongosolo, usandithamangitse.

Poyamba ine ndi Amock tinadula mtengo wa bulugamu wowongoka, tinaukumbila pafupi ndi nyumba yanu, sola pamwamba. Ikukhala bwino, unanena zoona. TV, batile ndi fulashi tinalowetsa, Amock ndiye analowa, ine ndinaima panja. Titatha tinagwila tambala wokapepesela, tinakwela minibasi kupita ku boma, kenako ina ya ku Chikomeni. Bondo linatupa ngati dzungu.

Amock ndiye anali thenga. Anafotokoza zonse kwa asebele anga a Mtonga, bambo ake a mkazi wako, ine nditawelama. A Mtonga anamvetsela mpaka kumapeto, kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Asebele, ndakambapo milandu ya ng'ombe, ya chigololo, ya malile a munda. Wa TV ndi uno woyamba. Kodi Claireyo tiyitane adzachitile umboni?" Ine sindinaseke.

NyaMtonga anali kuseli kwa mpanda ndi amayi ake. Amayiwo ndiwo anayankhula kuti, "Mwana akuti chinthucho chikasamuka abwela." Amock anati chasamuka kale. Ananong'onezana kuseli kuja. Kenako amayiwo anatinso, "Akufunsa ngati chigawo chomaliza mwaonela." Ndinauza Amock kuti anene kuti ayi, sitinakhudze. Anabwela Loweluka, ndi Uchizi kumsana.

Tsopano imva vuto langa. Ndinayesa kuti apitiliza pamene tinasiyila, akazi aja adzandiuza mapeto mawa lake. Wayambila chigawo choyamba! Akuti akufuna kuona nkhope zonse kuchokela pa malilo. Chigawo chimodzi patsiku, pena amabweleza. Amuna salowa m'nyumba muja pakuti mwini wake kulibe, ndiye Amock nayenso ali panja ngati ine. Akazi amalowa, amatseka chitseko, ndimangomva kuseka kutali.

Iwe unaonela kale sewelo limeneli. Undilembele msanga, m'kalata ya malemu munali chiyani, ndipo chigayo chinapita kwa yani. Usazungulile.

Ndine bambo wako,
Ezron Zimba

*

Magodi, 3 Seputembala 2023

Awiske Uchizi,

Monile. Tili bwino. Uchizi akamva nyimbo yoyambila amavina mpaka kugwa.

Ndamaliza Lachitatu. Claire ndi wamfupi! Ndakhumudwa. Mawu onse aja ndinkayesa chimayi chotalika ngati Agness, koma ndi kamunthu kofika paphewa. Ndipo Norman alibe mimba. Ndi mwamuna wooneka bwino, wa ndevu zometedwa mwaudongo, ndiye chimene chikundikwiyitsa kwambili. Kumuda kunali kosavuta ndili kuseli kwa khoma.

Munandiuza pa foni kuti inunso mapeto simunawaone chifukwa anakusinthani ntchito. Ndiye Adada akuvutika. Agness akukana kuwauza, akuti anamuthamangitsa ngati galu. Cathrine wawauza mapeto atatu osiyana, ena akuti chigayo chinapsa, ena akuti malemu anali moyo. Mmawa uliwonse amadutsa pafupi ndi khola, kutsokomola, ndi kufunsa ng'ombe mokweza kuti, "Kaya chigayo chija chinatha bwanji." Ine ndimakhala ndikusesa pomwepo, ndikudziwa zonse, pakamwa pali potseka. Anakwela minibasi ziwili ndi bondo lija, akundimvetsa chisoni. Ndiye ndikulembela inu, inu mutumize kalata yomweyi kwa iwo.

Zinatha chonchi. M'kalata ya malemu munalembedwa kuti chigayo ndi cha mkazi wake ndi ana. Khoti linapatsa Claire. Norman lamba uja anali atagulitsa kale, apolisi anamugwila. Ndiye Claire, mmalo momusiya agone m'chitokosi aphunzile, anakamupepesela, anamutulutsa, ndi kumulemba ntchito pachigayo pomwepo. Chithunzi chomaliza Norman ali mbuu ndi ufa akunyamula matumba, Claire akumupatsa tiyi, nyimbo ikulila.

Ine mapeto amenewa sindinawakonde mpang'ono pomwe. Munthu wakuba lamba umupatsenso makiyi? Mwezi sutha agulitsa injini. Amene analemba sewelo limeneli sanabeledwepo. Agness analila kuti ndi chikhululukilo, ine ndinazimitsa TV nyimbo isanathe.

Mutumize lina, koma la nkhani za pamudzi. Ndiponso nsapato za Uchizi zathina.

Ndine mkazi wanu,
Jemima

*

Magodi, 22 Seputembala 2023

Darius,

Monile. Kalata ya mkazi wako imene wanditumizila yafika dzulo. Yachoka pabwalo pano, yapita ku Lusaka, yagona kumeneko, yabwelanso pabwalo pano, m'makona mwake mutang'ambika. Ndinakawelengela ku dimba kuti pasakhale wondisokoneza.

Ndadikila miyezi iwili kuti ndimve zimenezi? Mwamuna wa ng'ombe zake, wa ndevu zake, kukhala wantchito wa mlamu wake, kulandila tiyi ngati mlendo pachigayo cha m'bale wake! Bola akanamumanga, akanatuluka ndi ulemu. Ndipo kalata ya malemuyo inali kuti nthawi yonseyi? Akanaiwelenga pa malilo, sewelo likanatha tsiku lomwelo, ife sitikanavutika chonchi. Za kugulitsa lamba, chabwino, pamenepo Norman analakwa. Sindinaganize kuti angatelo. Anzako a pa geti usawauze.

Umuuze NyaMtonga kuti pa zoti mapeto ndi oipa tagwilizana. Iye akuti Claire anapusa, ine ndikuti Norman ananyozeka, koma oipa ndi oipa. Zoti agulitsa injini mwezi usanathe, ndaganizila usiku wonse, akunena zoona. Agulitsa. Mutu umenewu ndakhala nawo pabwalo limodzi zaka zonsezi ndikungouona ukugwada.

Koma pali zimene sanalembe. Pamene apolisi ankamugwila, Norman analila kapena anangoyang'ana pansi? Nanga ng'ombe zake zija anatsala nazo ndani? Ndiponso umufunse, filimu ija ya omenyana ndi miyendo ngati waiona, akuti bwanji, pakuti ine palibe amene anagwilizana nane.

Umulembele lelo lomwe, yankho lake ubweze ndi Benwell, ndipo umuuze Benwell asaikenso pansi pa mpando. Usachedwe. Ali apa pakhomo pake akusankha mbeu ya mtedza yobzala chaka chino, ndikumuona.

Ndine bambo wako,
Ezron Zimba